Bwalo la Ndege Lomwe Linandibereketsa Apongozi

Inu a bwalo la ndege laling'ono lija la m'minda ya nzimbe, kupitirira Tongaat, ndikulankhula ndi inu. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Chotsani chithunzi changa pakhoma lanu. Ndikunena chija ndabereka apongozi anga aakazi kumsana, inu n'kulembapo mawu okoma m'munsi mwake. Sindinakupempheni kuti mundijambule. Sindinawabereke mwa kufuna kwanga. Munandibereketsa ndinu.

Ndakhala ndikulemba n'kumafufuta, chifukwa nkhaniyi ikundichititsa manyazi ngakhale poilemba. Koma abale anga a kuno ku Durban chithunzicho munachiona kale. Ena munaikapo timitima. Ena mukundiimbira foni, musanapereke n'komwe moni mwayamba kale kuseka. Ndiye bola mumve kwa mwini wake.

Ine ndine telala, ndimasoka ku Tongaat, kwathu ndi ku Mangochi. Ana obadwira kuno mwina simudziwa, ndiye ndikuuzeni. Kwathu apongozi aakazi ndi munthu woopedwa. Chikwatirireni mwana wawo Patuma, sindinawagwirepo dzanja. Sindinadyepo nawo pamodzi. Tikakumana panjira kumudzi, ine ndimapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Tikafuna kuuzana kanthu, mawu amadzera mwa Patuma, olo tonse tili pakhonde limodzi. Si chidani ayi. Ndi ulemu, ndipo iwo amandibwezera ulemu womwewo. Zaka zonsezi, akamamaliza kulankhula pafoni ndi mwana wawo, amatsekera ndi mawu amodzimodzi: “Uwapatse moni bambo a Shamimu.” Ine ndimayankha ndili potero, “Uwauze ndalandira.” Ubale wathu wonse unali umenewo, ndipo unkatikwanira.

Chaka chino Patuma anachira mwana wachiwiri, koma kudzera mu opaleshoni. Apongozi anabwera pabasi kudzasamalira chikuta. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, koma tinakwanitsa. Ndinasoka katani wokhuthala, ndinkadyera ku shopu, ndinkatsokomola ndisanalowe. Kenako tsiku lina anaterereka pamasitepe onyowa akuseri kwa nyumba atanyamula matewera a mdzukulu wawo. Mwendo unathyoka m'munsi mwa bondo. Kuchipatala anawaika chikhakha n'kuwapatsa ndodo ziwiri zoyendera.

Munthu wamkulu akadwala kwa eni ake, mtima umathawira kwawo. Anayamba kuuza Patuma kuti akufuna azipita. Pabasi sakanatha, ulendo wake mukuudziwa, masiku uli chopinda mwendo. Tinagwirizana kuti akwere ndege mpaka ku Joni, kumene mlamu wanga Yusufu, mwana wawo wamwamuna, adzawalandire n'kupitirira nawo kumudzi. Patuma sakanachoka, bala linali lisanapole, khanda lili pabere. Woperekeza anatsala ndani? Ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Bwalo lalikulu la ndege la ku Durban lija ndinalikana ndekha, ndipo zimenezi zikundiwawa. Ndinati kumene kuja anthu ndi piringupiringu, mtunda wake kuchokera pakhomo kukafika pandege ndi wautali. Ndinasankha inu chifukwa ndimakudziwani kuyambira muli wakhanda. Nditangofika kuno, ndisanapeze makina osokera, ndinkagwira ganyu m'minda yoyandikana nanu. Nthawi imeneyo munali kamzere ka udzu wometedwa pakati pa nzimbe, kashedi ka malata, ndi kansalu kofiira pamtengo kosonyeza kolowera mphepo. Kunkatera tindege tachikasu topopera mankhwala. Ng'ombe zikalowa, munthu ankathamanga ndi chikwapu ndege ikuzungulira m'mwamba kudikira. Ndinaona mukuthira phula. Ndinaona mukumanga mpanda. Ndinaona ana a anthu olemera akubwera kudzaphunzira kuuluka, kenako tindege tonyamula anthu tikuyamba kupita ku Joni. Mutayamba kumanga nyumba yamagalasi ija, ndinkaijambula ndikamadutsa n'kutumiza kumudzi, kumanyada ngati ndi ya malume anga. Ndinauza Patuma kuti, “Paja m'pabwino, m'pachete. Ndege imaima pakhomo penipeni. Amayi sadzaonedwa ndi anthu ambiri akuvutika.”

Mwamva? Ndinasankha inu pothawa maso a anthu.

Ndinaimba foni kawiri sabata imeneyo. Ndinafotokoza zonse m'Chizulu changa chosokera masiketi, ndinabwerezanso m'Chingerezi. Ndinati ndili ndi mayi wachikulire wothyoka mwendo, ndikufuna chikuku chija cha anthu ovutika kuyenda, ndiponso munthu wamkazi woti awathandize pokwera. Wamkazi, ndinatsindika. Bambo amene anayankha anati, “Shapu, baba, musade nkhawa. Gogo timulandira ngati mfumukazi.” Ndinafunsa ngati walemba. Anati palibe chifukwa cholembera, chikuku chimangokhala pakhomo, sichipita kulikonse.

Loweruka m'mawa mnansi wathu anatinyamula pagalimoto yake. Tikufika, ndinaona tenti yaikulu yoyera, mabaluni, mbendera, magalimoto onyezimira. Kunali mwambo wotsegulira nyumba yatsopano ija. Pafoni palibe anandiuza. Mlonda anathamangitsa mnansi wathu tisanamalize n'komwe kutsitsa chikwama, akuti malowo ndi a alendo olemekezeka. Apongozi anadzikoka okha ndi ndodo zawo mpaka pabenchi ya pafupi ndi chitseko. Matailosi anu atsopano mumawapukuta ndi chiyani, mafuta ophikira? Ndodo zinkangotsetsereka. Ine ndinkayenda kumbuyo kwawo, manja ali m'mwamba osawakhudza.

Pakauntala panali mtsikana, maso ali pafoni. Ndinapereka matikiti n'kufunsa za chikuku. Anayang'ana pakhomo, anayang'ana mnzake, kenako anati, “Eish, baba, chikuku chilipo, koma chili pantchito.”

Ndinaganiza kuti pali wodwala wina. Ndinamva chisoni n'kukhala pansi kudikira, mtunda wa mabenchi awiri kuchokera pamene panali apongozi. Posakhalitsa chikuku chija chinatulukira. Anthu awiri a mayunifolomu akuchikankha pang'onopang'ono, mosamala, wachitatu atachifunditsa ambulera. Pampando pake panali thabwa, pathabwapo panali keke. Keke yaikulu yooneka ngati ndege, ya mapiko ndi mawindo omwe.

Abale anga, mfumukazi ija inali keke.

Ndinanyamuka kukafuna wamkulu wa pamalopo. Ndinampeza pakhomo la tenti, bambo wa tayi yofiira, akutuluka thukuta, akumwetulira aliyense wovala suti. Ine kumwetulirako kunandiphonya. Ndinamufotokozera. Anati ndidikire adule keke, chikuku chimasuka. Ndinafunsa kuti adula nthawi yanji. Anati akamaliza zolankhula. Pazokuzira mawu panali mkulu wina akusimba mbiri ya bwaloli, ndipo anali akadali pa ng'ombe zija. Phula anali asanafikepo.

Ndinati, “Chabwino, ikani keke patebulo.” Anati tebulo lili padzuwa, isungunuka.

Ndinati, “Ndipatseni mayi mmodzi kapena awiri mwa antchito anu awagwirizize.” Anati azimayi onse agawidwa kale, ena agwira riboni, ena akuperekera zakumwa. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, “Kodi si amayi anu? Anyamuleni, ndinu mwamuna wamphamvu.”

Ndinati si amayi anga, ndi apongozi anga, ndipo kwathu sizitheka. Anaseka, n'kundimenya paphewa ngati mnzake. “Ndiye m'pabwino pake! Lero akukondani kuposa mwana wawo.” Nditaumirira, kuseka kunatha. Anapendeketsa mutu n'kufunsa, “Kodi kwanuko n'kuti, baba?”

Inu amene mumakhala kuno mukulidziwa funso limeneli ndi kafunsidwe kake. Mukudziwa chifukwa chake timasiya Chichewa pakhomo tikamakwera takisi. Mapepala anga ndi abwinobwino, komabe ndinatembenuka n'kubwerera mkati ngati galu wothiridwa madzi.

Apo n'kuti wina akuitana kuti okwera ndege ya ku Joni atuluke. Ndinayang'ana pagalasi kufuna ndege pamalo pake pa nthawi zonse, pakhomo paja. Panalibe. Pamalopo ndi pamene munakhoma tenti. Ndege munakaiimika kutali, kumapeto kwa phula, mphepete mwa nzimbe. Chitukuko chanu chinatalikitsa mtunda. Ndinafunsa mtsikana wa pakauntala ngati ndege ingadikire keke. Anati woyendetsa sadikira, ndipo ina yopita ku Joni ndi ya sabata yamawa. Yusufu anali kale pabwalo la ku Joni ndi matikiti opitira kumudzi tsiku lomwelo.

Ndinapita pafupi ndi benchi ija. Ndinaima chowafulatira, maso ali kukhoma. Patuma panalibe woti anyamule mawu anga. Ndinauza khomalo m'Chichewa, motsitsa mawu, “Akuti chikuku chanyamula keke. Ndege ili uko, ndipo sidikira.”

Ndinangomva ndodo zikugogoda pansi. Anaimirira okha. Anatuluka okha pachitseko chagalasi, ine ndili pambuyo ndi chikwama. Anthu ena okwera anatipitirira, ena akutiyang'ana mwachisoni, koma chisoni sichinyamula munthu. Dzuwa linali litakwera, phula likutentha. Apongozi anadumphira pang'ono, n'kupuma. Anadumphiranso, n'kupuma. Titafika moyang'anizana ndi tenti penipeni, mphamvu zinawathera. Anatsetsereka pang'onopang'ono n'kukhala pansi paphula, mwendo wa chikhakha uli tambalale. Mayi amene kumudzi kwawo anthu amawagwadira popereka moni.

Ndinayang'ana kutenti. Mizere ya anthu, mapulogalamu akudzikupizira nawo. Palibe ananyamuka. Chikuku chili poteropo pamthunzi, pafupi ndi maluwa. Kundege munthu akutikodola ndi manja onse awiri.

Pamenepo apongozi analankhula. Sanalankhule ndi ine ayi. Anayang'ana ndodo imene inagwera pambali pawo n'kuiuza kuti, “Ndodo iwe, wandikana. Amene alipo achite zimene angathe.” Atatero anakoka mpango wawo n'kuphimba nkhope yonse.

Ndinakoleka chikwama m'khosi. Ndinanjuta patsogolo pawo, chowafulatira. Ndinatseka maso.

Anali opepuka, abale. Chimenecho ndi chinthu chimene mkamwini sayenera kuchidziwa mpaka kufa, koma ine ndikuchidziwa. Anayesetsa kuti asandikhudze ngakhale ali kumsana kwanga. Anagwira kolala ya malaya anga ndi nsonga za zala, thupi atalikokera kumbuyo, mwakuti ndinkayenda chowerama kuopa kuti tigwa chagada. Chikhakha chinkandigunda pantchafu. Ndinkamva akunong'ona duwa, pemphero lathu la Chisilamu, pansi pa mpango. Ine ndinkangopempha kuti nthaka ing'ambike.

Ndipo mkulu wa mbiri uja anasiya phula lake. Ndinamva mawu ake akusintha pazokuzira mawu. Anati, “Alendo olemekezeka, taonani uko! Umunthu umene bwalo lino lamangidwapo ndi umenewo!” Tenti yonse inatembenuka. Anaomba m'manja. Azimayi ena analuluta. Wojambula anathamanga n'kutidutsa, n'kuyamba kuyenda chambuyo patsogolo pathu, kamera ili pankhope panga. Ndinamuuza kuti asajambule. Ndinamuuza m'Chizulu, m'Chingerezi, mpaka m'Chichewa chimene ndimabisa chija. Manja oti ndiphimbire nkhope ndinalibe, anali atagwira apongozi. Iye anangoti, “Yebo, baba, yang'anani kuno!”

Kodi munkaombera chiyani m'manja? Kuti nkhalamba yakhala paphula keke ili pampando wake? Mwa anthu onse aja, panalibe mmodzi woti n'kunyamula keke ija pamiyendo?

Masitepe a kandege kaja ndi opapatiza. Ndinakwera nawo choncho, ndinawatsitsira pampando wakutsogolo, ine n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Ulendo wanga woyamba kukwera ndege, ndinaulakalaka kuyambira ndikuona tindege tachikasu tija. Sindinaone kanthu. Ndinangoyang'ana nsapato zanga mpaka ku Joni. Kumeneko chikuku chinabwera pakhomo la ndege ndi mayi wochikankha, popanda kupempha kawiri. Yusufu atafunsa amayi ake kuti ayenda bwanji, iwo anati, “Tayenda bwino.” Atandifunsa ine, ndinati tayenda bwino. Popanda kupangana, tonse awiri tinaikwirira nkhaniyo. Ngakhale Patuma sindinamuuze. Ikanathera pomwepo, ndipo tikanapitiriza kupewana mwaulemu ngati kale.

Koma inu munaika chithunzi patsamba lanu la pa intaneti. M'munsi mwake munalemba za chikondi cha mwana kwa mayi wake pa tsiku lotsegulira nyumba yatsopano. Za chikuku simunatchule. Mmalawi wina anachiona, anandizindikira, anachiponya pagulu lathu la pafoni. Dzuwa lisanalowe chinali chitafika ku Mangochi. Nkhope ya apongozi ndi yophimbika, inde, koma chitenje chimene anavala mudzi wonse umachidziwa, ndipo nkhope yanga ili poyera, kukamwa kuli yasa. Patuma anachiona akuyamwitsa. Anandipatsa foniyo n'kutembenukira kukhoma.

Kumudzi anthu akupita kukazonda mwendo, koma aliyense akudziwa chimene akukaona. Achinyamata akuti mkamwini wa ku Durban wasanduka kabaza. Azimayi anzawo akuwafunsa moseka ngati msana wa telala uli wofewa. Achimwene awo a apongozi, amene anatimangitsa ukwati, anandiimbira n'kufunsa funso limodzi lokha: “Kodi ku Joniko ulemu munagulitsa?” Ndinayesa kufotokoza za keke. Mukuganiza kuti munthu wa kumudzi angakhulupirire kuti pabwalo la ndege lamagalasi, chikuku cha odwala chinanyamula keke? Anaganiza kuti ndikuwachita chipongwe, anadula foni.

Ndinakadandaula kwa shehe wathu kuno. Anandikhazika mtima pansi, anati pachipembedzo palibe tchimo, apongozi ali ngati mayi ako, ndipo kuthandiza wovutika ndi sawabu, mphoto ya kwa Mulungu. Ndikuvomereza, ndipo ndinathokoza. Koma shehe sakhala m'mudzi mwa apongozi anga.

Sabata yatha ndinatseka shopu n'kubwerera kwa inu. Ndinkafuna muchotse chithunzicho patsamba lanu. Nditalowa, ndinapeza kuti pakhoma lalikulu la mkati mwaikapo zithunzi za mbiri yanu, m'mafelemu, motsatana. Kamzere ka udzu kaja. Kandege kachikasu. Anthu akuthira phula. Nduna ikudula riboni. Ndipo kumapeto, chachikulu kuposa zonse, ine ndi apongozi anga.

Bambo wa tayi yofiira anandizindikira. Ulendo uno kumwetulira kunandipeza. Anabwera manja ali tambasu, akuitana anzake kuti adzaone munthu wa pachithunzi. Ndinamuuza kuti achichotse. Anadabwa zenizeni. Anati, “Baba, mwalowa m'mbiri ya bwalo lino. Anthu amaima apa n'kugwetsa misozi. Muyenera kunyada.” Ndinamufotokozeranso za mwambo wathu, pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa munthu kulowetsa ulusi pasingano. Anati nkhaniyo aitengera kwa akuluakulu, koma felemuyo anaiitanitsa kutali ndipo khoma likhala ndi dzenje. Potuluka ndinachiona chikuku chija pakhomo, chili phee, sichipita kulikonse. Pachotsamira pake pakadali banga la kirimu.

Ndiye ndikufunsani pano, pamaso pa anthu, poti m'chipinda simumva. Ndani anakupatsani chilolezo chojambula mayi amene anaphimba nkhope yake? Munthu akaphimba nkhope, kwanuko zimatanthauza kuti jambulani? Ngati mukufuna mbiri yoona, bwanji osapachika chithunzi cha keke ili pachikuku, ambulera ili pamwamba? Chimenecho ndiye chinachitika tsiku lija. Kale muli kashedi ka malata munkathamangitsa ng'ombe kuti munthu atere bwino. Lero muli ndi magalasi, ndipo nkhalamba ikukhala paphula inu mukuomba m'manja.

Sindikufuna tikiti yaulere. Sindikufuna kapu ya tiyi mu ofesi mwanu. Chotsani chithunzicho pakhoma ndi patsamba, ndipo mulembe poyera kuti munalonjeza chikuku n'kuchipereka kwa keke, kuti ndikhale ndi choti n'kuwaonetsa akuluakulu kumudzi. Ndipo inu abale anga, amene muli nacho m'mafoni, fufutani. Mukaseka mukuseka mayi wa munthu. Amene mukuganiza zodutsitsa kholo lanu lodwala pabwalo limeneli, pitani ndi chikuku chanu ndi mlongo wanu, ndipo muyambe mwafunsa ngati kuli phwando.

Apongozi anachotsa chikhakha, akuti ayamba kuponda pansi. Amaimbabe foni Lachisanu lililonse. Dzulo anaimba ine ndili pomwepo, ndikusoka mabatani pakhomo. Anafunsa za khanda, ngati likuyamwa bwino. Anafunsa za bala la Patuma. Anafunsa za Shamimu ndi sukulu yake, anafunsa mpaka za mnansi uja anatinyamula pagalimoto. Nditamva kuti akumaliza, ndinaimika singano, yankho langa lili kale pakamwa.

Anati, “Chabwino mwanangu, ugone bwino.” Foni inaduka.

Patuma anaiyang'ana foniyo n'kunena kuti mwina ndi netiweki. Koma aka si koyamba. Chichokereni pabwalo lanu, moni wanga sunabwerenso.